Digiri ya Pang'onopang'ono: Zaka Zomwe Munaphunzira Zisapite Pachabe



M'holo muno muli anthu omwe analowa pa yunivesite koma digiri sanaione. Ena anachotsedwa sukulu kamba ka ndale nthawi ya chipani chimodzi. Ena anathawira ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London, nayamba maphunziro kumeneko, ndipo pomwe zinthu zinasintha mu 1993 ndi 1994 anabwerera kumudzi asanamalize. Enanso ndi ana athu a masiku ano omwe fizi inawathera m'chaka chachiwiri. Funso la onsewa ndi limodzi: kodi zaka zomwe ndinakhala m'kalasi zija zinangopita pachabe?

Kuyambira 1965 pomwe Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa, mpaka 1999 pomwe ya Mzuzu inatsegulidwa, dziko lino linali ndi yunivesite ya boma imodzi yokha. Khomo linali limodzi, ndipo likakutsekekera kunalibe kwina kogogoda. Tinazolowera kuganiza kuti digiri ili ngati mtsinje: ukawoloka wawoloka, ukamira pakati wamira. Ine ndabwera kudzanena kuti pali njira ina yowerengera maphunziro, ndipo ndipereka chitsanzo cha Open University ya ku Britain.

Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1969 ndi boma la a Harold Wilson, ndipo amene anaimenyera nkhondo kwambiri ndi nduna ina, mayi Jennie Lee. Likulu lake lili ku Milton Keynes. Ophunzira oyamba, pafupifupi 25,000, anayamba mu Januwale 1971. Ambiri anali anthu apantchito ndi amayi apakhomo, omwe ankalandira mabuku pa positi namamvera maphunziro pa wailesi ndi pa TV ya BBC. Masiku ano zambiri zimachitika pa intaneti. Koma mfundo yake siinasinthe: pa maphunziro ambiri a digiri yoyamba safunsa kuti unakhoza bwanji ku sekondale. Umalowa, ndipo ntchito yako ndiyo imakuweruza.

Tsono amawerengera bwanji? Amagwiritsa ntchito makirediti. Kirediti imodzi imaimira maola khumi a kuphunzira, kuphatikizapo kuwerenga, kulemba ndi kukonzekera mayeso. Maphunziro amawadula m'zigawo zotchedwa mamojulo, ndipo mojulo imodzi nthawi zambiri imakhala ya makirediti 30 kapena 60. Ukakhoza mojulo, makirediti ake alowa m'nkhokwe yako. Digiri ya onazi imafuna makirediti 360, ndiye kuti maola 3,600. Makireditiwa sungangowatola paliponse ayi: 120 akhale a gawo loyamba, 120 a gawo lachiwiri, 120 a gawo lachitatu lomwe ndi lovuta kuposa onse. Munthu sangadzaze nkhokwe ndi mamojulo apansi okhaokha nkumati ndamaliza.

Wopanda ntchito ina amatenga makirediti 120 pachaka namaliza m'zaka zitatu. Mphunzitsi wa ku pulayimale kapena kalaliki wa muofesi amatenga 60 pachaka namaliza m'zaka zisanu ndi chimodzi. Musanamizidwe kuti nzophweka: makirediti 60 amadya maola 16 mpaka 18 sabata iliyonse, ndiye kuti maola awiri usiku uliwonse ndi Loweruka lonse. Maliro akagwa, mwana akadwala, maola aja amakudikirabe.

Chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Munthu akafika pa makirediti 120 angathe kulandira satifiketi ya maphunziro apamwamba. Akafika pa 240 angathe kulandira dipuloma. Akafika pa 300, mwa iwo 60 ali a gawo lachitatu, angathe kulandira digiri wamba yopanda onazi. Choncho amene ndalama zamuthera pakati sachoka chimanjamanja. Amatenga pepala lolingana ndi pomwe wafika, napita kukagwira ntchito, nadzapitiriza zinthu zikakhala bwino. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo apa mwambiwu anausandutsa lamulo la sukulu.

Palinso digiri yomwe amaitcha Open degree. Mu imeneyi wophunzira amadzisankhira yekha mamojulo kuchokera m'maphunziro osiyanasiyana: angasakanize masamu ndi mbiri yakale, kapena za chuma ndi za umoyo, malinga akwanitse 120 pa gawo lililonse. Kwa inu amene munasiya maphunziro kunja, nkhani yabwino ndi yakuti amalandira makirediti ochokera ku sukulu zina zovomerezeka, mpaka 240 pa digiri ya onazi imeneyi. Tiyerekeze kuti munamaliza chaka chimodzi kwina ndipo akupatsani 120. Otsala ndi 240, zomwe ndi zaka zinayi muli pantchito, osati zisanu ndi chimodzi.

Koma safunsa anadya phula, choncho ndikuchenjezeni pa zinthu zinayi.

Choyamba, makirediti amakalamba. Ku Open University salandira maphunziro omwe anatha zaka zoposa 16 zapitazo. Kunena mosabisa, kwa anzanga omwe munasiya sukulu m'zaka za m'ma 1980, khomo limeneli linatsekeka kale. Koma kwa ana anu omwe anasiya posachedwa likadali lotsegula, ndipo chaka chilichonse chomwe akuzengereza akutaya.

Chachiwiri, popanda umboni palibe kanthu. Sukulu imafuna tiransikiripiti, chikalata chosonyeza mamojulo omwe munatenga ndi momwe munakhozera. Aliyense amene akuchoka pa koleji asanamalize, kaya pa chifukwa chanji, atenge chikalatachi ndi kuchisunga ngati chiphaso cha malo.

Chachitatu, ufulu wosankha uli ndi mtengo wake. Ntchito monga unamwino, uinjiniya ndi zamalamulo zili ndi mabungwe omwe amanena okha maphunziro omwe amawavomereza. Digiri yosakaniza siingakulowetseni m'ntchito zimenezi. Komanso mamojulo a gawo lachitatu amamangidwa pa zomwe munaphunzira m'magawo apansi. Yambani mwadziwa komwe mukufuna kukathera, kenaka muwerengere chobwerera m'mbuyo.

Chachinayi, fizi ya ku Britain imalipidwa m'mapaundi, ndipo tonse tikudziwa pomwe kwacha yathu yafika. Pafupi nafe pali UNISA ya ku Pretoria, yomwe yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira 1946. Akaidi ambiri a ndale a ku Robben Island anaphunzira kudzera kumeneko, ndipo a Nelson Mandela anamaliza nayo digiri ya zamalamulo akadali m'ndende. Nakonso digiri ya zaka zitatu ndi makirediti 360, kawirikawiri mamojulo 30 a makirediti 12 iliyonse. Kusiyana kwake nkwakuti UNISA imayang'ana satifiketi yanu ya ku sekondale musanalowe, ndipo imapereka zaka zisanu ndi zitatu kuti mumalize. Ndipo kulikonse komwe mungalembetse, yambani mwafunsa bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba la NCHE ngati sukuluyo ili yovomerezeka, chifukwa ogulitsa mapepala abodza pa intaneti ndi ambiri zedi.

Tsopano ndiyankhule kwa atsogoleri athu. Lero tili ndi mayunivesite a boma angapo: ya ku Zomba, ya Mzuzu, LUANAR, MUST ku Thyolo, komanso MUBAS ndi KUHeS zomwe zinaima pazokha mu 2021. Makomo achuluka, izi nzoyamikika. Chomwe ndikupempha ndi chakuti makomowa alumikizane. Mwana amene wakhoza zaka ziwiri ku Mzuzu, bambo ake nkumwalira, athe kukamalizira ku Blantyre komwe wapeza ganyu, popanda kuyambiranso chaka choyamba. Amene waima pakati apatsidwe satifiketi kapena dipuloma ya pomwe wafika. Malamulo a kasamutsidwe ka makirediti alembedwe poyera kuti aliyense awawerenge, zisamadalire chifundo cha mkulu wa dipatimenti kapena kuti ukudziwana ndi yani.

Nkhaniyi ikukhudza demokalase yomwe tinavotera pa 14 Juni 1993. Pomwe chilichonse chomwe munthu waphunzira chili m'manja mwa sukulu imodzi, wokhoza kumuchotsa sukulu amakhala ndi mphamvu yofufuta moyo wake wonse, ndipo ophunzira amaopa kutsegula pakamwa. Tinaziona zimenezi ndi maso athu. Koma makirediti akakhala a wophunzira mwini, oyenda naye kulikonse, chikwapu chimenecho chimachepa mphamvu.

Mukabwerera kunyumba, kafunseni mwana kapena mphwanu amene anasiya koleji kuti anasiya chaka chiti, anakhoza mamojulo angati, ndipo chikalata chake chili kuti. Ngati alibe, mawa lomwe alembe kalata yokachipempha.