Makina Osaleka Kuwerenga

Madzulo ano tikambe za NELL, makina amene Tom Mitchell ndi anzace anawayambitsa mu Januwale 2010 pa sukulu yaikuru ya Carnegie Mellon, mumzinda wa Pittsburgh ku America.

Nchito ya NELL inali kuwerenga za pa intaneti usana ndi usiku, ndi kudzisonkhanitsira zimene anaziyesa zoona. Sanali kumva mau monga timvera ife ai. Akaona kawirikawiri mau akuti "meya wa" patsogolo pa dzina, anali kungoti, "Limeneli ndi dzina la mzinda."

Koma tamverani cimene cinaoneka. M'Cingerezi timafailo tina ta m'kompyuta timachedwa "cookies", ndilo dzina la mabisiketi. NELL anatiyesa cakudya. Pambuyo pace anawerenga kuti anthu amafafaniza "cookies", ndiponso amafafaniza mafailo. Pomwepo anati mafailo nawonso ndiwo cakudya ca mu uvuni! Palibe anamnamiza, abale, anadzinamiza yekha. Tsono eni ace anayamba kupenda zolemba zace nthawi ndi nthawi, nacotsamo zonama zisanabale zinzace.