Mau a Wapampando: Za Kulandira Chidzudzulo



Inu a ku Ndirande mumapyola pa Mishoni ya Blantyre masiku onse popita ku ntchito, koma kapena si nonse mudziwa kuti Mishoniyi inatsala pang'ono kufa ikali khanda. Inayamba m'chaka cha 1876. Posakhalitsa amishoni oyambawo anadziyesa mafumu ndi oweruza. Anali kukwapula anthu ndi chikoti, kotero kuti wamtengatenga wina anafa nacho, ndipo mu 1879 anaombera munthu amene anamganizira mlandu wakupha.

Woulula zimenezi sanali mbusa kapena mkulu wa mpingo ai. Anali mlendo wopita m'njira, Andrew Chirnside wa ku Australia, amene anasindikiza kabuku kowaneneza mu 1880, ndi mau owawa ndithu. Makolo athu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma uyu sanali mnansi, ndipo sanatsine mwachifundo. Akuluakulu a Mpingo ku Scotland akadakhoza kunena kuti, "Mlendo adziwanji?" Koma anatuma anthu kudzafunsa mlanduwo, napeza kuti zoipa zinachitikadi, nachotsa Mbusa Duff Macdonald pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Manyazi anali akulu.

M'malo mwao anadza David Clement Scott mu 1881. Iyeyu anasiya milandu m'manja mwa mafumu, nayamba kuphunzitsa ana a dziko lino kuti atsogolere mpingo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene anthu athu anamanga ndi njerwa zoumba okha kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi chipatso cha masiku amenewo; ndipo wophunzira wake Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa ubusa mu 1911.

Mfumu Davide anamvera Natani, inde, koma Natani anali mneneri wodziwika. Chovuta koposa ndicho kumvera munthu amene timuyesa wachabe. Ife m'mabungwe mwathu, mnyamata wa ku Bangwe akaimirira kufunsa za ndalama za maliro, timayamba kufunsana kuti ndi mwana wa yani, analowa liti, wamtuma ndani. Funso lakelo lagona pansi osayankhidwa, ndipo chaka chamawa sabweranso. Mayi wa ku Zingwangwa amangokhala chete, nakadandaulira kumjigo.

Chotero ndipempha kuti tikafika pa nkhani ya chuma, Msungichuma aike mabuku pa tebulo ali chitsegulire, ndipo ayambe kufunsa ndi iwo okhala kumbuyoko, amene analowa chaka chino. Ife a kutsogolo kuno tiyankhe funso lokhalo, osasamala mwini wake.