MANKHWALA A M'MUNDA AZIKHALA M'BOTOLO LAO LA DZINA

Nkhani imene inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa ku Dedza.

 Lero sindikamba za mbeu kapena za feteleza ai. Ndifuna tikambe za mankhwala aja timapopera kacewere, matimati ndi kabici, ndi aja timathira m'cimanga, makamaka za kumene amagona mlimi akafika nao ku nyumba.

Kuno ku mapiri mankhwala timawagwira caka conse. Dzinja likafika, nkhungu ndi cinyezi ca ku Bembeke zimadzetsa ciwawu pa kacewere. Mvula ikatha tatsikira ku madimba. Kuyambira pamene mbozi zacilendo zija zinagwa m'cimanga, mpaka Boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 1917... iai, ndinene bwino, mu December 2017, ngakhale amene sanali kupopera anayamba kugula. Conco nyumba zambiri ziri ndi poizoni tsopano.

Ndiyambe ndi ufa wina umene sumapezeka pa msika wa Lobi kapena wa Mayani. Dzina lace ndi uracil, ndipo umasungidwa m'nyumba zoyesera zinthu, zimene timati labotale. Ndi ufa woyera wosakali kweni kweni. Kunena zoona uli kale m'thupi la munthu ali yense, m'nkhuku, ngakhale m'tsamba la cimanga, pakuti ndi cimodzi ca zinthu zimene zamoyo zonse zimamangidwa nazo. Munthu wa ku Italy, Alberto Ascoli, ndiye anayamba kuupatula mu 1900, kuucotsa m'yisiti, cotupitsa buledi cija. Tsono ngakhale ufa umenewu ndi wofatsa, anthu a m'labotale sasewera nao. Amausunga m'botolo lotsekedwa zolimba, lolembedwa dzina, pa malo ouma ndi ozizira. Poutapa amabvala magolovesi ndi magalasi, sapuma pfumbi lace, sadyera m'cipindamo, ndipo akatha amasamba m'manja.

Mwina mufunsa kuti, nanga kubvutika konseku nkwa ciani? Cifukwa cace ndi ici: ufawu uli ndi abale ace ofanana nao nkhope. Akatswiri anausintha pang'ono napanga fluorouracil mu 1957, mankhwala amphamvu a matenda a khansa amene dokotala yekha ndiye angapereke. Anausinthanso kwina napanga bromacil, mankhwala opha udzu amene amakhalitsa m'nthaka miyezi yambiri, nathanso kutsikira ku madzi a pansi. Muwaike onse atatu pa mbale, diso silingathe kuwasiyanitsa. Cimene cimasiyanitsa ndi dzina lolembedwa pa botolo basi. Botolo likataya dzina, wa m'labotale salawa kapena kununkhiza kuti adziwe, amaliyesa loopsa.

Tsono ngati anthu ophunzira acita cotere ndi ufa wosapha, nanga ife amene tigwira zakupha zeni zeni? M'nyumba mwathu muli zoyera zambiri: ufa, mcere, soda wophikira therere, shuga, mkaka wa ufa wa mwana. Mverani zimene zinacitika ku Peru mu October 1999, pa mudzi wa Tauccamarca. Ndi mudzi wa ku mapiri, kozizira, kolima kacewere monga kwathu kuno. Ufa woyera wopha tizirombo, wochedwa parathion, unasakanizika ndi mkaka wa ufa umene ana a sukulu anali kumwa m'mawa. Ana 24 anafa. Mankhwalawo anali kufanana ndi mkakawo, ndipo mau a pa phukusi anali m'Cisipanishi, pamene anthu ambiri a m'mudzimo amalankhula cinenero cao ca Quechua.

Cifukwa cace ndinena kwa inu nonse kuti mankhwala asacoke m'botolo kapena m'phukusi limene anabwera nalo. Ndidziwa kuti ndalama nzobvuta, ndipo kugawana botolo limodzi anthu anai kumaoneka kwanzeru. Koma amene wathiridwa gawo lace m'botolo la Fanta watenga imfa yopanda dzina. Iye adziwa lero. Mkazi wace sadziwa, mwana wobwera ku sukulu ndi ludzu sadziwa, ndipo iye mwini pofika mwezi wa mawa waiwala muyeso wace. Ngati mwasonkherana, botolo likhale kwa munthu mmodzi, ndipo mupopere tsiku limodzi kapena motsatana.

Comweconso musagule mankhwala opimidwa pa supuni ndi kumangidwa m'kapepala. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo la caka ca 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene liri ku Bvumbwe, ndipo lifuna kuti wogulitsa akhale ndi cilolezo, mankhwala akhale obvomerezeka ndiponso olembedwa. Pa botolo loona mupeza dzina, muyeso, masiku oyenera kudikira musanakolole, ndi mzere wa mtundu m'munsi mwace. Wofiira ndiwo woopsa koposa, kenaka wacikasu, kenaka wabuluu, potsiriza wobiriwira. Ngakhale wosadziwa kuwerenga angathe kuona mtundu. Koma wobiriwira sakutanthauza kuti mungamwe ai. Ndiponso ife tiri m'malire ndi Mozambique. Mukagula botolo lolembedwa Cipwitikizi cokha, bwerani nalo kwa mlangizi musanalitsekule.

Tsopano za kogona mankhwala. Ambiri amatsomeka ku denga, ena pansi pa bedi, ena pa cipupa ca ku khichini pamwamba pa dengu la ufa. Malo onsewa ngolakwika. Ca ku denga cimagwa mphepo ikaomba kapena khoswe akadutsa, ndipo cimagwera pa cakudya. Ku khichini kuli moto, ndipo mankhwala ambiri a madzi amayaka. Funani bokosi lacitsulo kapena la matabwa, muliike loko, likhale m'kanyumba kapadera kosagonamo munthu, kosasungamo cakudya, mbeu zodya kapena madeya a nkhumba. Mulikweze pa njerwa kuti cinyezi cisalowe, pakuti kuno ufa wa Dithane ukanyowa umaumbika nuonongeka. A ufa akhale pamwamba, a madzi pansi, kuti akadontha asanyowetse anzao. Supuni yoyesera ndi ndowa yosungunulira zikhale momwemo, zisabwererenso ku khichini. Kiyi asunge munthu wamkulu.

Pali mankhwala amodzi amene ndifuna kuwachula pa okha, ndiwo mapiritsi aja otuwa amene ena amaponya m'matumba a cimanga pofuna kupha anankafumbwe, ochedwa Phostoxin. Amenewa akakomana ndi cinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo mpweyawo umapyola thumba wamba. Masiku ano ambiri tinasiya nkhokwe poopa akuba, matumba timagona nao m'nyumba. Ndiye ganizani usiku wa mu June, zitseko ndi mazenera zonse zotseka cifukwa ca cisanu, ana agona pa mphasa pafupi ndi matumbawo. Mapiritsi amenewa ndi a anthu ophunzitsidwa nchito yofukiza m'nyumba zazikulu zosungira mbeu, si a pa khomo ai. Thirani Actellic wa ufa pa muyeso wolembedwa, kapena gulani matumba a PICS aja a mapepala awiri m'kati, amene amapha nankafumbwe pomsowetsa mpweya, popanda mankhwala ali onse.

Botolo likatha, nchito siinathe. Ku India, m'dera la Bihar, mu July 2013, ana a sukulu 23 anafa atadya cakudya cophikidwa ndi mafuta amene munali mankhwala ochedwa monocrotophos. Apolisi anapeza kuti mafutawo anasungidwa m'cigubu cimene kale munali mankhwalawo. Cigubu ca mankhwala ncokongola, ncolimba, ciri ndi citsekero cabwino, ndipo mtima umakana kucitaya. Koma pulasitiki imamwa mankhwala, sopo sangawacotse onse. Musathiremo mafuta, mcere, thobwa kapena madzi akumwa. Citsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire mu mpope wopopera kuti akathere m'munda, kenaka cibooleni pansi kuti wina asacitole. Musaciotche, utsi wace ngoipa. Mufunse mlangizi kotaya. Ndipo mpope usatsukidwe pa citsime ca ku dimba kapena mu mtsinje. Madzi amene mutsukira kumtunda kuno ndiwo amwa anzanu kumunsi kwa Linthipe.

Za popopera ndidutsa msanga pakuti tinakamba kale. Bvalani malaya a manja atali, buluku lalitali, jombo, magolovesi ndi cotseka pa mphuno. Musabvundule ndi dzanja, musauzire ndi pakamwa kamlomo ka mpope kakatsekeka, musasute fodya kapena kudya nzimbe muli pa nchito. Mphepo ikhale kumbuyo kwanu. Mai wapakati, woyamwitsa ndi ana asayandikire. Zobvala zopoperazo zicapidwe pa zokha.

Ngozi ikagwa, muzindikira cotere: munthu acita thukuta lambiri, malobvu acucuruka, asanza, atsekula m'mimba, mwana wa diso acepa kwambiri, apuma mobvutika, mwina anjenjemera. Mbvuleni zobvala zonyowa, mumsambitse ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera mphindi 15. Ngati wamwa, musamsanzitse, pakuti masanzi angalowe m'mapapo. Musampatse mkaka, mafuta kapena mazira, ngakhale ambiri amakhulupirira zimenezi. Mgonekeni cam'mbali, ndipo thamangani naye ku cipatala ca pafupi, cikhale ca Boma ku Dedza, ca ku Mua kapena caching'ono ca kwanu. Nyamulani botolo lija. Mankhwala ena ali ndi jekeseni wace wochedwa atropine, ena alibe, ndipo dokotala akawerenga dzina adziwa cocita nthawi yomweyo. Mukamtengera botolo la Fanta, angoyerekeza.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu, a Gulupu ndi a Nyakwawa, pakuti maliro akagwa uthenga umayamba kufika kwa inu. Mudziwa kuti si onse amamwa mankhwala mwangozi. Alipo amene amamwa dala cifukwa ca ngongole ya feteleza, mkangano wa m'banja kapena manyazi, ndipo dzina la tameki mwalimva pa milandu yotere. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti mwa anthu asanu odzipha pa dziko lapansi, pafupi fupi mmodzi amamwa mankhwala a m'munda. Ambiri a iwo amacita mwa mkwiyo wa kanthawi, cifukwa poizoni anali pafupi. Loko imaletsa mwana, koma siiletsa mwini kiyi. Ku Sri Lanka cimene cinathandiza ndico kucotseratu mankhwala oopsa koposa. Boma lao linaletsa ena mu 1995 ndi ena pambuyo pace, ndipo pofika 2015 odzipha anacepa kuposa theka, zokolola osatsika.

Conco ndipempha kuti pa msonkhano wa mudzi munene poyera kuti tameki ndi mankhwala ena opanda dzina asagulitsidwe pa msika wa m'dera lanu, ndipo wogulitsa wotere mumnene kwa mlangizi kapena kwa apolisi. Limbikitsani anthu anu kugula ongokwanira nyengo imodzi, kuti pasakhale otsala ogonera caka. Mukamva kuti munthu wasweka mtima ndipo alankhula zofuna kufa, tumani ankhoswe kapena akulu a mpingo akakhale naye, acotse mankhwala pa khomopo, ndipo amperekeze ku cipatala.

Amene muli ndi mabotolo akale ofufutika dzina, musawakhuthule m'cimbudzi kapena pa dzala. Atsekeni bwino, muwaike pa okha, ndipo muuze mlangizi wa dera lanu akabwera. Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za kusankha ndi kusunga mbeu ya kacewere.