Chigamulo chongoyembekezera sichiyimitsa chithandizo



Alipo abambo amene akangotuluka m'khoti amati, "Banja latha, usandifunsenso ndalama." Zimenezo si zoona.

Pa maukwati othetsedwa ku Khoti Lalikulu, monga a kwa DC, woweruza amayamba wapereka chigamulo chongoyembekezera, chimene maloya amati decree nisi. Pamenepo ukwati usanathe. Umatha khoti likapereka chigamulo chomaliza, decree absolute. Pakati pa ziwirizi, pamaso pa lamulo mukadali mkazi wake, ndipo nonse awiri simungakwatirenso kwina. Ngati khoti linalamula kale kuti azipereka ndalama mwezi ndi mwezi, iye sangasiye mwa yekha. Wosintha lamulolo ndi khoti basi.

Nanga chomaliza chija chikatuluka? Apa timvetsetsane bwino, pali zinthu ziwiri.

Choyamba ndi chithandizo cha inuyo. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko lino imati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene munali naye limodzi, komanso chithandizo choyenera. Koma sichibwera chokha ayi. Pemphani mlandu uli m'kati, osadikira kuti uthe.

Chachiwiri ndi cha ana. Ichi ndiye sichidalira ukwati n'komwe. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lipatse mwana chakudya, zovala, pogona, maphunziro ndi chithandizo cha kuchipatala, kaya makolowo ali pabanja, analekana kapena sanakwatiranepo. Ndipo kuyambira 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Amene ukwati wanu ndi wachinkhoswe musadzione ngati mwatsalira. Lamulo la maukwati la 2015 limauzindikira, ndipo mlandu wanu umamveka kwa majisitireti.

Ndiye tichite chiyani? Sungani kope la chigamulo chilichonse. Sungani malisiti a fizi, a lendi ndi a mankhwala. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musafufute, ndi umboni wa zimene analipira ndi zimene sanalipire. Akasiya kupereka, musakalimbane naye pageti la kuntchito kwake. Bwererani ku khoti lomwe linagamula. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre.

Ndalama ya mwana si mphatso, anzanga, ndi udindo. Kauzeniko mnzanu amene sanabwere lero.