Doko la Monkey Bay

Kuno ku Chipata tilibe nyanja. Koma tikadutsa malire pa Mwami, ndi kupitirira Lilongwe, tikhoza kufika ku Monkey Bay, pa Nyanja ya Malawi.

Doko limeneli lazingidwa ndi mapiri amene amatchinga mphepo ya mwera, yoomba mwamphamvu m'nyengo yozizira. Nchifukwa chake sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, imakocheza pamenepa.

Mchenga wake ngokoma kusewerapo. Komabe ananu, chenjerani. M'madzi odekha, momera bango, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Musasambe m'menemo, ndiponso musakodzere m'nyanja.

Aphunzitsi, athandizeni ana kupeza dokoli pa mapu. Tsalani bwino.