Tisasayine pepala la inshuwalansi tisanalimvetse



Patha zaka 10 tili limodzi, ndipo lero tili ndi nyumba yosungiramo mbewu imene timailipirira inshuwalansi chaka ndi chaka. Ambiri mwa inu mumaganiza kuti ikapsa, kampani idzatibwezera zonse. Ayi ndithu. Kampani imabweza zimene zawonongeka, koma motsata zimene zalembedwa papepala la mgwirizano. Milandu ya pakati pa mabizinesi ndi makampani a inshuwalansi imayambira pamenepo.

Choyamba ndi mtengo wa katundu. Tiyerekeze kuti m'nyumbamo muli soya wa K40 miliyoni, koma papepala tinalembetsa K20 miliyoni. Moto ukawononga soya wa K10 miliyoni, kampani idzatipatsa K5 miliyoni basi, chifukwa tinateteza theka lokha la katundu wathu. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo inakwera, koma nambala ya papepala siikwera yokha. Ifunika ife tikaisinthe.

Chachiwiri ndi mtundu wa ngozi. Namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023, tonse tinaona zimene madzi amachita. Koma inshuwalansi ya moto siiteteza ku madzi osefukira ngati sizinalembedwe. Mungalire chotani, woweruza adzawerenga pepala.

Chachitatu ndi eni malole amene amatinyamulira mbewu. Ena amabwera ndi pepala lawo lonena kuti katundu akawonongeka panjira iwo alibe mlandu. Dziwani kuti kampani ya inshuwalansi ikatilipira, ili ndi ufulu wokatenga ndalamazo kwa amene anawononga. Ife tikasayina pepala lomasula mwini lole osaidziwitsa, taitsekera njira, ndiye ikhoza kukana kutilipira. Apo tataya mbewu, tatayanso chipukuta misozi.

Nanga mkangano ukabuka? Timayamba kulembera kalata kampaniyo. Ikapanda kutithandiza, timakadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi. Pomaliza ndi ku khothi, kumene kumafuna maloya, ndalama ndi nthawi. Mlandu uli mkati, inu feteleza mugula ndi chiyani?

Choncho ndikupempha izi. Mlembi azilemba thumba lililonse lolowa ndi lotuluka, chifukwa buku limenelo ndiye mboni yathu. Ngozi ikagwa, kampani iziuzidwa tsiku lomwelo, ndi kalata, osati pafoni pokha. Ndipo komiti isasayine mgwirizano uliwonse usanawerengedwe pamsonkhano ndi kumasuliridwa m'Chichewa.

Pamsonkhanopo muzifunsa, musachite manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Matumba ali m'nyumba muja ndi thukuta lanu.