Msonkhano Ukaloŵa M'nyumba

Omvera ambiri akukumbukira kuti pa 20 Marichi 2020 boma linalengeza kuti dziko la Malaŵi lili pangozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi, ndipo misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa. M'masiku amenewo anthu apantchito anaphunzira kukambirana popanda kusonkhana, aliyense ali kwawo ndi lamya yam'manja kapena kompyuta. Mliriwo unatha, koma misonkhano yotereyi idakalipo.

Ku Phalombe, boma limene linapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, phindu lake nlosachita kufunsa. Kale mlangizi wofuna kukumana ndi anzake a ku Migowi, Chiringa ndi Nambazo ankayamba watumiza kalata, ndipo oitanidwawo ankapalasa njinga m'maŵa wonse kuti akakambe nkhani ya ola limodzi. Mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho, anthu a madera ngati Nkhulambe anatsala kutsidya, ndipo zinaoneka poyera kuti pali masiku ena amene munthu sangayende, komabe nkhani nkukhala yosadikira.

Koma msonkhano wa pa lamya umachitikira m'nyumba ya munthu, ndipo m'nyumbamo muli eni ake. Mayi wa ulangizi amene wapatsidwa mpando kwa nthaŵi yoyamba, kuti atsogolere zokambirana za kagulitsidwe ka nandolo, angathe kulemba mitu ya nkhani mwadongosolo ndi kukumbutsa onse oitanidwa, nkuiŵala apabanja pake. Tsono lamya siisankha mawu. Imatola kulira kwa tambala, kugunda kwa mtondo ndi odi wa mnansi wodzapempha moto, nkuzifikitsa kwa onse. Nayenso mwana amadabwa: amayi ake ali pomwepo, akuwaona ndi maso, koma akawaitana sakuyankha. Msonkhano ukasokonekera, alimi amachedwa kumva za mitengo. Mwana akakalipiridwa pamaso pa alendo osaoneka, m'nyumba mumatsala chilonda.

Nzeru yake njakale. Msonkhano wotere ndi mlendo, ndipo mlendo wodziŵika tsiku lobwera amanenedweratu kwa onse apakhomo. Usiku wa dzulo lake wapampandoyo afotokozere banja ola loyambira ndi lomalizira. M'midzi yambiri ya ku Phalombe banja limamanga kwawo kwa mkazi, kotero agogo, amalume ndi abale ena amakhala pafupi. Iwoŵa angathe kuloŵa nthaŵi iliyonse, komanso ndiwo thandizo loyamba akapemphedwa mwaulemu: "Amayi, maŵa cha m'ma 10 koloko ndili ndi alendo a pa lamya, mundigwirireko mdzukulu wanuyu." Abambo a m'nyumbamo nawo asangoti zimenezo nzantchito ya mkazi wawo. Kaŵirikaŵiri bambo akakhala pamsonkhano khomo lonse limakhala chete, koma mayi akakhala pamsonkhano mphika ndi mwana zimamudikirabe. Bambo amene wasonkhezera moto ndi kusambitsa ana tsiku limenelo sanatsike ulemu. Wateteza malipiro amene amadyetsa banja lonse. Paja mutu umodzi susenza denga.

Zapakhomo zikalongosoka, ziŵiya nazo ziyesedwe lisanafike tsikulo. Batire lidzazidwiretu, pakuti magetsi sapangana ndi munthu. Ambiri sanaiŵale mdima umene unatsatira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Pafunikanso kufufuziratu malo amene netiweki imagwira bwino, kaya ndi pazenera kaya pakhonde. Wogwiritsa ntchito Zoom yaulere adziŵe kuti msonkhano umaduka pakatha mphindi 40, choncho nkhani yaikulu ikhale yoyamba. Pa WhatsApp anthu okwana 32 angathe kulankhulana nthaŵi imodzi. Zithunzi zimadya mayunitsi ambiri kuposa mawu okha, ndiye anthu akalonjerana ndi kuonana nkhope, nkwabwino kuzimitsa kamera. Wapampando wanzeru amakumbukira kuti mnzake wina wagula mayunitsiwo ndi ndalama ya ndiwo.

Kutsogolera anthu osaoneka kumasiyana ndi kutsogolera pabwalo. Pabwalo mfumu imaona amene wagwedeza mutu ndi amene wakwinya nkhope. Pa lamya munthu akakhala chete sikuti wavomera. Mwina netiweki yamutaya, mwina akutonthoza mwana. Nchifukwa chake wapampando aziitana aliyense ndi dzina kuti anenepo maganizo ake, ndipo amene sakulankhula atseke mawu a lamya yake. Pomaliza aŵerenge zimene zagwirizanidwa, yemwe adzazichite ndi tsiku lake, kenaka azitumize zolembedwa kuti amene anaduka pakati asatsalire.

Ngakhale zonse zitakonzedwa, mwana angathe kugwa pakhomo nkuyamba kulira. Pamenepo palibe chochititsa manyazi. Wapampando apepese, asiyire mpando wachiŵiri wake kwa kanthaŵi, akaone mwanayo, abwerere. Amene akumvetsera nawonso ndi makolo, ndipo maŵa zidzawaonekera iwo. Akuluakulu apantchito athandizepo posaika misonkhano nthaŵi yophika kapena usiku, pongoganiza kuti munthu ali panyumba ndiye kuti ali chabe.

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Msonkhano nawo uthe pa ola limene banja linauzidwa. Ukatha, lamya iikidwe pambali, agogo athokozedwe, ndipo mwana amene anadikira ola lathunthu amvedwe zimene ankafuna kunena. Banja limene laona kuti lonjezo lasungidwa silidzavuta kupempha tsiku la msonkhano wachiŵiri.